Tayamba zambiri koma palibe chatha, tichite bwanji pa timu yathu?

wa_ku_Nchalo:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tilipo anayi, tikupanga app ya pa foni yoti magulu a banki m'khonde azilembamo masheya ndi ngongole, m'malo mwa makope aja amene amanyowa madzi akasefukira. Ine ndili ku Nchalo, mnzanga wina ku Ngabu, awiri ali ku Blantyre. Patha miyezi itatu, koma pa GitHub, tsamba la pa intaneti pomwe timasungira code (malangizo amene timalemba kuti app igwire ntchito), pali ma branch 11 otsegula, kutanthauza nthambi za code zomwe aliyense amagwirirapo ntchito payekha, ndipo olowa mu main, code yaikulu ya tonse, ndi awiri okha. Aliyense akugwira ntchito, palibe waulesi. Sabata yatha ndinataya masiku awiri ndikulumikiza code yanga ndi ya mnzanga wa ku Ngabu, chifukwa tonse tinasintha fayilo yowerengera chiwongoladzanja osauzana. Iye netiweki inamuvuta masiku atatu, sanathe kupusha (kutumiza zomwe wasintha ku GitHub). Komanso bwana amene anatipatsa ntchitoyi amatumiza ma voice note pa WhatsApp usiku, lero kwa ine, mawa kwa wina, ndiye aliyense amangoyamba zomwe wamva. Amayi a gulu la kumudzi kwathu andifunsa kale kawiri kuti app ija ili pati, ndipo ndimasowa chowayankha. Kodi tilembe munthu wachisanu?

mlongo_wa_ku_Bangula:
Achimwene, wachisanuyo musamulembe kaye. Akabwera adzafuna woti amulongosolere code yonse, ndipo wolongosolayo ndi inu nomwe amene nthawi yakuchepelani kale. Ma branch adzangofika 14.

Ife tinapulumuka ndi Kanban, njira yolemba ntchito iliyonse pa khadi n'kuliika pa bolodi, imene inayambira ku mafakitale a Toyota ku Japan. Bolodi lathu lili ndi magawo atatu: Zodikira, Zili m'manja, Zatha. Lamulo ndi limodzi: munthu mmodzi, khadi limodzi m'manja. Ukamaliza lako sutola latsopano msanga, umayamba waona ngati pali pull request (pempho loti branch ilowe mu main) ya mnzako yodikira kuunikidwa. Poyamba anyamata ankadandaula kuti akukhala manja lende, koma apa ndi pamene ntchito zinayamba kutuluka.

China, dulani ntchito zikhale zing'onozing'ono. Khadi loti "ngongole" ndi lalikulu kwambiri. Lembani "msungichuma athe kulemba ngongole imodzi popanda intaneti", kenako lina la chiwongoladzanja, lina la chindapusa cha wochedwa kubweza. Branch ikadutsa masiku awiri isanalowe mu main, dziwani kuti khadilo munalidula lalikulu. Pa ma branch 11 anuwo, khalani pansi Lolemba, musankhe atatu oti mumalize, enawo muwaimike kaye.

mkulu_wa_ku_Nsanje:
Mlongoyu wanena zoona. Ine ndiwonjezere za kulumikizana. Scrum, njira ina yoyendetsera ntchito za timu, imati timu izikumana mphindi 15 tsiku lililonse, koma kuno video call imadya bandulo ndipo mawu amadukaduka. Ife timalemba. Isanakwane 8 koloko m'mawa aliyense amaika mizere itatu pagulu: dzulo ndamaliza chakuti, lero ndigwira fayilo yakuti, chandiimitsa ndi chakuti. Mzere wachiwiriwo ukanakupulumutsani masiku awiri aja, chifukwa uthenga wa mawu ochepa umadutsa ngakhale netiweki ili yofooka.

Kumbukirani kuti Git, pulogalamu yosunga mbiri ya code, simafuna intaneti kuti mupange commit, kutanthauza kusunga zomwe mwasintha pa laputopu yanu pomwepo. Pangani ma commit ang'onoang'ono tsiku lonse, netiweki ikangobwera kokani za anzanu kaye, kenako pushani. Tinaphunzira izi mu 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale. Kuyambira pamenepo ntchito yofuna kuganiza kwambiri ndimaigwira m'bandakucha, laputopu ili yodzaza, kutentha kwa masana kusanayambe.

dev_wa_pa_Dyeratu:
Za ma voice note, bwanayo muwauze mwaulemu kuti zopempha zonse zizidzera kwa munthu mmodzi. Iyeyo azimvetsera, azilemba khadi, n'kuwatumizira kuti avomereze kuti ndi zomwe amatanthauza. Lachisanu lililonse muziwaonetsa chimene chikugwira ntchito pa foni.

Ndipo "Zatha" isatanthauze kuti yayenda pa laputopu yanu. Ine ndinapita ndi app yathu pa msonkhano wa gulu lina pansi pa mtengo wa nimu. Msungichuma anatulutsa ka itel kake kosweka galasi, dzuwa lili pamutu, zilembo zathu zotuwa zija osaoneka n'komwe. Anaitchinga ndi chitenje kuti awerenge, pamene amayi atatu osunga makiyi a bokosi akudikira. Tinabwerera kukakuza zilembo ndi mabatani, zomwe palibe anazilemba pa khadi lililonse.

wa_ku_Nchalo:
Zikomo kwambiri nonse. Ndalankhula ndi anzanga, tagwirizana kumaliza kaye kulemba masheya, ngongole, ndi kusunga deta mu SQLite (pulogalamu yosungira deta) pa foni pomwepo. Gulu la kwathu limakumana Lachitatu masana, ndipita nayo. Mlongo wa ku Bangula, kodi pull request ikakhala tsiku lonse osaunikidwa chifukwa wounikayo alibe netiweki, inu mumadikira kapena mumapatsa wina?