Low shelf pa Equalizer APO: besi ikukana kudzaza m'mahedifoni

Kamphepo:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndimakonza nyimbo za kwaya yathu pa laputopu, koma mahedifoni anga besi yake ndi yopyapyala. Pa Equalizer APO, pulogalamu ya pa Windows yosinthira kamvekedwe ka mawu, ndinakweza 60 Hz ndi 6 dB pa peak filter. Ng'oma yaikulu ikugunda bwino, koma gitala ya besi noti zina zikuphulika, zina zikuzimirira. Pa korasi pakumvekanso kuthetheka. Wina wandiuza za low shelf. Zimasiyana pati?

Nsambe wa Besi:
Achimwene, peak imakweza malo amodzi ngati chulu, uku ndi uku n'kutsika. Nsambo zinayi za gitala ya besi, osazigwira, zimalira pa 41, 55, 73 ndi 98 Hz. Inuyo mwakweza ya 55 kwambiri, ya 41 ndi ya 98 zatsalira, n'chifukwa chake woimba akamayenda m'nsambo mawu akumakwera n'kutsika. Low shelf imanyamula zonse za pansi pamodzi, kuyambira pamene mwaiuza mpaka kumunsi kwenikweni. Chotsani peak ija, mulembe izi mu config.txt, fayilo ya malamulo ya Equalizer APO:

Preamp: -5 dB
Filter: ON LSC Fc 105 Hz Gain 5 dB Q 0.7

Mzere woyambawo, wa Preamp, umatsitsa mawu onse, musausiye. Kuthetheka mukumvako ndi clipping: nyimbo inali itadzaza kale mpaka 0 dB, kuwonjezera kwanuko kwasowa kolowera. Mawu adzachepa pang'ono, mungokweza voliyumu.

Mayi Chisomo:
Ndiwonjezereko. Pa LSC, yomwe ndi low shelf ija, Fc ya 105 Hz ndi pakati pa chitunda, pamenepo mukungopeza theka, 2.5 dB. 5 dB yonse imafika cha kumunsi kwa 50 Hz. Ndiye musakopeke kukankhira Fc ku 200 Hz kuti besi ichuluke. Pamenepo ndi pamene pali mawu a azibambo a m'kwaya, adzamveka mogubuduza, mawu a nyimbo osamveka bwino. Q nayo, yomwe imanena kuti chitundacho chiimirire motani, isapitirire 0.7, ikakwera pamatuluka kabampu pansi ndi kadzenje pamwamba pake.

Kamphepo:
Zikomo amayi, ndaika, nsambo zonse zafanana tsopano. Kodi anthu akamamvera pa foni adzaimvanso besi imeneyi?

Mayi Chisomo:
Ayi. Equalizer APO imangosintha zimene zikupita m'makutu mwanu pa Windows, fayilo yomwe mutulutse siikhudzidwa. Mukafuna kuti besi ikwere mu nyimbo mwenimwenimo, ikani shelf mu pulogalamu yomwe mukukonzeramo. Ku Audacity, pulogalamu yokonzera nyimbo, chida cha Bass and Treble ndi shelf kale.