Matimu anga ayamba kupambana, koma kukuwa kukundikanika. Kodi ndi ine ndekha?

Nyerere wa ku Ndirande

Abale anga, funso langa likupita kwa inu amene mwakhala zaka zambiri mukusapota matimu okuliritsani.

Dzulo usiku, pa 16 Epulo 2025, Arsenal yaitulutsa Real Madrid mu kotafainolo ya Champions League kwawo komwe ku Bernabéu, 2-1, ndipo tikaphatikiza ndi zija za ku London zakwana 5-1. Tinaonera pa malo ena oonetsera mpira kumunsi kwa msika, titadzazana mpaka ena kumasuzumira pawindo. Martinelli atamwetsa chigoli chachiwiri mpira uli kumapeto, nyumba yonse inagwedezeka. Wina anavula malaya, wina anakwera pa benchi mpaka kuithyola mwendo. Ine ndinangokhala pomwepo, manja ali pamutu, mawondo akunjenjemera. Mnyamata amene anali pambali panga anandigwedeza phewa, amvekere, "Madala, si inu a Arsenal inu? Dzukani!" Ndinalephera kumuyankha. Kukhosi kunali kutatsekeka.

Sikoyamba. Mu Disembala 2024, Manoma (Mighty Wanderers) atatenga chikho cha Castel pogonjetsa Mzuzu City Hammers 1-0, ndinali mu shedi yanga ya ukalipentala ndikupala thabwa la chitseko cha munthu, wayilesi ili pa tebulo. Oimbira ataliza wenzulo yomaliza ndinazimitsa wayilesi, kukhala pa mulu wa matabwa, misozi n'kumangotsika yokha. Mkazi wanga atabwera ndi tiyi anaganiza kuti ndalandira uthenga wa maliro.

Wayilesi imeneyo inali ya malemu bambo anga. Ndi iwo amene anandilowetsa mu Noma. Ankandinyamula pa phewa kuchoka kuno kudutsa pa Ginnery Corner mpaka pa bwalo la Kamuzu, nthawi imeneyo likutchedwa Chichiri Stadium, ndipo tikasowa ndalama yolowera tinkamvera panyumba, mabatire atayanikidwa padzuwa kuyambira m'mawa kuti afike mphindi 90. Chaka cha 2006 sindidzachiiwala. Manoma anatenga ligi, ndipo Arsenal, imene ndinaikonda chifukwa cha Thierry Henry ndi Kanu, inafika mu fainolo ya Champions League ku Paris. Lehmann anapatsidwa khadi lofiira mpira utangoyamba, Sol Campbell n'kutipatsa chigoli ndi mutu, kenako Barcelona n'kubweza ziwiri chakumapeto. Ndinali mnyamata, ndinkaganiza kuti chaka chamawa tibwereranso. Manoma anadikira zaka 11 kuti aikhudzenso ligi, mu 2017, ndipo bambo anali atatisiya chaka chimodzi m'mbuyo mwake. Sanaione.

Zapakatipo mukuzidziwa. Manchester United kutikwapula 8-2 ku Old Trafford mu 2011. Bayern Munich kutimwetsa 5-1 kwawo, 5-1 kwathu, mu 2017. Kuno kumudzi Maule (Big Bullets) kutenga ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018, ndipo mu 2023 kusesa zikho zinayi. Tsono ganizirani kukhala Noma mkati mwa Ndirande. Lolemba lililonse m'mawa anthu amadzera dala pa shedi yanga, ngakhale alibe mpando wokonzetsa.

Chimene chikundivuta ndi ichi. Sabata yatha Declan Rice atamwetsa mafirikiki awiri aja, munthu amene anali asanagoletsepo firikiki chiyambire mpira wake, Merino n'kuwonjezera chachitatu, anzanga anasangalala mpaka mbandakucha. Ine ndinagona ndi nkhawa masiku onse asanu ndi atatu, ndikuwerengera momwe Real Madrid ingabwezere zinayi. Dzulo Saka ataphonya penate ndinatuluka panja, kukaima pafupi ndi mayi wogulitsa mtedza, n'kumamvera mpira kudzera m'phokoso la anthu. Ndipo lero, m'malo moti ndizisekerera, mutu wanga uli kale pa PSG, timu imene tikumane nayo mu semifainolo.

Ndimawakonda matimu amenewa ndi mtima wanga wonse, ndipo tsiku ngati la dzulo ndalidikira kuyambira 2009 pamene tinafika komaliza mu semifainolo. Nanga bwanji likafika ndikungouma ngati chitsa? Kodi mantha amenewa amatha? Amene munadutsamo ndiuzeni.

Maule wa ku Chilomoni

Achimwene, ine ndi wa timu imene yakuvutitsaniyo, koma lero sindikutonzani. Zimene mwalembazi ndazimva mumtima.

Musaganize kuti ifeyo sitikudziwa njala. Titatenga ligi mu 2005 tinakhala mpaka 2014 osainunkha, ndipo mu 2022 inu nomwe munatilanda Airtel Top 8 pa mapenate, ine ndili pa Bingu pompo nditawononga ndalama ya basi. Kunjaku ndine wa Manchester United, ligi tinaiona komaliza mu 2013. Ndiye ndikuti PSG isiyeni kaye, tsiku lake lidzafika lokha. Lero valani jezi yanu, mudutse nayo pa msika anthu akuoneni. Mwaitulutsa timu ya zikho 15 za Champions League, imeneyo si nkhani yobisa m'shedi.

Mayi a Chisomo, Bangwe

Pepani bambo chifukwa cha malemu bambo anu. Ndawerenga za wayilesiyo ndipo ndikuona ngati misozi ya mu Disembala ija inali yawo, osati ya chikho chokha.

Ine timu yanga ndi Flames basi, ndiye za kuvutika musandiuze. Koma ndikufuna ndikukumbutseni za 25 Januwale 2022, tsiku limene tinasewera ndi Morocco ku Yaoundé, koyamba m'mbiri yathu kufika mu ndime yachipulula ya AFCON. Tinaonera kwa aneba chifukwa ndi okhawo anali ndi jenereta, ana pansi pa mkeka, ife amayi kumbuyo pafupi ndi khomo. Patangotha mphindi 7 Gabadinho Mhango anawona goloboyi wawo ataima patsogolo, n'kuumenya mpira kuchokera kutali kwambiri. Ndinaona ukuuluka, ukutsika, kenako ukonde kugwedezeka. Ndinali ndi mwana kumbuyo koma ndinalumpha, kululutira, kuthamanga mpaka pa msewu wopanda nsapato. Bangwe yense anali panja. Amuna anga ndi amene anakhala ngati inuyo, ankangoti, "Khalani pansi, nthawi ikadalipo yambiri, awa abweza." Ndipo anabwezadi, En-Nesyri chigawo choyamba chikutha, kenako Hakimi ndi firikiki ija.

Ananena zoona amuna anga, sindikukana. Koma tikamakamba za tsiku limenelo lero, ine ndili ndi chokamba, ndimakumbukira fumbi la pamsewu ndi mayi wina amene ndinakumbatirana naye osamudziwa. Iwo amangokumbukira kuti ankadziwa kuti tigonja. Tsiku lina anandiuza okha kuti akanakonda akanathamanga nane.

Madala a ku Zingwangwa

Mwana wanga, ine ndakhala Noma kuyambira Yasin Osman akadali wosewera mpira, asanakhale mphunzitsi amene anatipatsa ligi ya 2017. Ndiye ndikuyankha mosabisa: mantha amenewo satha. Kwa ine sanathe. Amayi a ku Bangwe alankhula bwino, koma anthu tinabadwa mosiyana, ndipo sindikufuna uzidziona ngati wodwala chifukwa sunakwere pa benchi.

Mu Januwale 2010 tinaikwapula Algeria 3-0 ku Luanda, zigoli za Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davie Banda, timu imene inali pa ulendo wa ku World Cup. Anthu anavina mu Limbe monse. Ine ndinakhala pakhonde ndikuganiza za Angola ndi Mali, ndipo onse awiri anatigonjetsa, tinabwerako. Mtima umene wapsa kangapo umaphunzira kuima patali ndi moto, palibe chachilendo.

Koma pali chimene ndaona pa ine mwini. Chisangalalo changa chimabwera mochedwa. Tsiku la mpira ndimakhala ngati mwala. Pakapita masiku awiri kapena atatu, ndikupalira maluwa kapena ndili mu minibasi, chigoli chija chimabwerera m'maso mwanga, ndipo ndimapezeka ndikumwetulira ndekha. Ligi ya 2017 ndinaisangalalira Khrisimasi itadutsa, nditadutsa pa msewu wa Lali Lubani, ku likulu la Manoma, n'kuona mbendera ya buluu ndi yoyera ili pa galimoto ya munthu. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Iwenso dikira, firikiki yachiwiri ya Rice ija ikupeza uli pakati pokhoma msomali.

China, usamaonere wekha kapena pakati pa anthu osawadziwa. Bambo ako ankakunyamula pa phewa. Iwe wanyamulapo ndani?

Nyerere wa ku Ndirande

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri kawiri. Achimwene a ku Chilomoni, jezi ndavala, ndipo ndadutsa nayo pa msika masana ano. Anthu anu andiimitsa katatu, mmodzi mpaka wandigulira chimanga chootcha.

Madala, funso lanu lomaliza landilasa. Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 9 amene amakhala nane mu shedi Loweruka lililonse, amadziwa mayina a osewera a Manoma kuposa ine, koma pa Kamuzu Stadium sanapondepo. Ndinkati ndikumuteteza, ndisamupatse mtolo umene ndasenza ine. Madzulo ano ndamufunsa ngati akufuna kupita, ndipo sanandiyankhe n'komwe, anangothamangira kukauza mayi ake. Tipita mpira wotsatira umene Manoma asewere pakhomo. Wa PSG pa 29 Epulo uyamba 9 koloko usiku ndipo mawa lake ndi sukulu, ndiye umenewo tikambirana kaye ndi mayi ake.

Amene akudziwa kumene ndingapeze jezi ya buluu ya mwana, ku Limbe kapena mu tauni, andiuze Loweruka lisanafike.