Holo ya mpingo: kodi njerwa zosawotcha zingapirire?

Wakomiti ya zomanga:
Abale, mpingo ukufuna kumanga holo ya misonkhano, mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi. Njerwa zowotcha sitikuzifuna chifukwa uvuni umamaliza mitengo. Kodi njerwa za dothi ndi simenti zopanikiza pamakina zingathe nyumba yaikulu chonchi? Nanga kutentha tithana nako bwanji?

Woumba njerwa:
Zimatha bambo, koma nkhani yagona pa dothi. Lapamwamba, lokhala ndi mizu ndi manyowa, lichotseni. Lapansilo liyeseni m'botolo: thirani dothi ndi madzi, khutchumulani, musiye tsiku lathunthu. Mchenga ukhala pansi, dongo pamwamba. Dongo likapitirira gawo limodzi mwa magawo 5, onjezani mchenga, apo ayi njerwa zidzang'aluka pouma. Sefani, kenako ndowa imodzi ya simenti pa ndowa 15 za dothi, musakanize zouma kaye. Madzi akhale ochepa, oti chibulumwa chigwirane m'manja osadontha. Ambiri amalakwa poziyanika padzuwa ngati zidina wamba. Simenti imafuna chinyezi: zifunditseni pulasitiki, muzizithirira sabata yoyamba, ndipo musamangire masiku 28 asanakwane.

Mmisiri wa zomanga:
Ndiwonjezere za madzi, poti ndiwo mdani wa njerwazi. Maziko akhale a miyala kapena konkire, okwera masentimita 30 pamwamba pa nthaka, ndi DPC (pulasitiki yoletsa chinyezi kukwera m'khoma) mzere woyamba wa njerwa usanayalidwe. Denga litulukire kunja masentimita 60 kapena kuposerapo. Khoma la mamita 20 silingaime lokha, ikani nsanamira pa mamita 3 kapena 4 alionse ndi ring beam (lamba wa konkire womanga makoma onse pamodzi) pamwamba. Denga la mamita 10 lopanda mzati pakati ndiye aliwerengere injiniya, osati zongoyerekeza. Pulasitala wa simenti yambiri amasweka n'kusunga chinyezi kuseri kwake. Wa laimu ndiye amalola khoma kupuma.

Wojambula mapulani:
Za kutentha: makoma a mamita 20 aja ayang'ane kumpoto ndi kummwera, kuti dzuwa lam'mawa ndi lamadzulo lizimenya makoma aafupi. Mazenera ayang'anizane, ndipo musiye mpata pamsonga pa denga poti mpweya wotentha umakwera. Malata akhale owala, pansi pake siling'i, nanga mlaliki angamveke mvula ikulindima pamalata? Musaiwalenso magata ndi thanki: mvula ya mamilimita 10 padenga lotere ndi malita pafupifupi 2,000. Madzi oyamba, otsuka fumbi ndi zitosi, azipatutsidwa asanalowe m'thanki.