Msewu wa m'mphepete mwa paki usiku: madalaivala tiwalembere liwiro lanji?

Woyang'anira madalaivala: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tili ndi ulendo wa thiraki yodzaza katundu, ndipo makilomita 40 a msewuwo amadutsa m'mphepete mwa paki, kopanda mpanda. Dalaivala akumafika pamenepo kutangoda. Chikwangwani chimati makilomita 80 pa ola. Ndikufuna kulemba malamulo oti aliyense azitsata. Liwiro tiike lanji, nanga akakumana ndi njovu atani?

Dalaivala wa mathiraki: Abwana, 80 ya pachikwangwaniyo ndi ya masana. Usiku liwiro limatengera pamene nyali zikufika. Tawerengani nane. Pa 80, galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Kuchokera pamene maso aona chinthu mpaka phazi kufika pa buleki pamadutsa sekondi ndi theka, ndiye kuti mamita 33 apita kale. Galimoto yaing'ono pa phula louma imafunanso mamita ngati 36 kuti iime. Zonse pamodzi ndi mamita pafupifupi 70. Thiraki yodzaza imapitirira pamenepo, chifukwa ndi yolemera komanso mabuleki a mpweya amachedwerako kugwira. Tsono dimu, nyali zounika pafupi zija, imaonetsa mamita 50 kapena 60 basi. Mukamaiona nyamayo, mwaigunda kale.

Pa 50, kuona ndi kuima zonse zimatha m'mamita pafupifupi 40. Lembani 50. Pa msewu wa fumbi kapena kukagwa mvula, 40. Makilomita 40 pa 80 ndi mphindi 30, pa 50 ndi mphindi 48. Kusiyana kwake mphindi 18, muzionjezere pa ndandanda, apo ayi dalaivala azithamanga kuti asakalipidwe.

Dalaivala wa basi: Nanga fulu, nyali zounika patali zija, achimwene? Imafika kupitirira mamita 100. Bwanji osangolola 70?

Dalaivala wa mathiraki: Fulu imatha pamene kwatulukira galimoto ina. Mwabwerera ku dimu, maso athobwa ndi nyali za mnzanu, ndipo kwa masekondi angapo simukuona kanthu m'mbali. Pokhota nayonso fulu imaunika tchire la kutsogolo, osati kumene msewu walowera. Yatsani fulu, inde, koma liwiro likhale la dimu.

Makaniko: Mamita 50 amene akunenedwawo ndi a nyali zabwino. Zambiri sizifika. Musananyamuke onani izi. Imikani galimoto pamalo osalala, mamita 10 kuchokera pakhoma, yatsani dimu. Mzere wa pamwamba wa kuwalako ukhale masentimita 10 kutsika kuchokera pa msinkhu wa nyali zenizenizo. Muyeze katundu ali m'galimoto, chifukwa kumbuyo kukalemera mphuno imadzuka, kuwala kumathawira m'mitengo. Magalasi a nyali akachita chikasu apukuteni kapena asintheni. Babu ikafa imodzi, sinthani zonse ziwiri. Galasi lakutsogolo lipukutidwe m'kati momwe, poti mafuta a manja ndi fumbi zimamwaza kuwala kwa obwera kutsogolo. Magetsi a pa dashibodi achepetseni.

Za bull bar, chitsulo chotchinga kutsogolo kwa galimoto chija, musadzinamize nazo. Imateteza redieta mukagunda gwape. Pa njati kapena mvuu imangopindikira m'kati, ndipo ikakhala yongowotcherera pagalimoto ya ma airbag, matumba a mpweya oteteza anthu pa ngozi aja, imatha kusokoneza nthawi imene amaphulikira.

Mlonda wa nyama zakutchire: Bambo, nthawi imene mwasankhayo ndiye yoipitsitsa. Nyama zimayenda kwambiri chisisira ndi mbandakucha. Ngati n'kotheka, thiraki idutse dzuwa lisanapendeke, kapena igone n'kudutsa kutayera. Ngati sizitheka, dalaivala adziwe kuti nyama iliyonse ili ndi khalidwe lake.

Mbawala ndi agwape mumaziona ndi maso, amanyezimira ngati timikanda tiwiri m'udzu. Mukaona imodzi yawoloka musaonjezere moto, zinzake zili m'mbuyo. Nyali zikaithoba imaima chilili pakati pa msewu, kapena imabwerera kumene yachokera. Tsitsani ku dimu, ipeza njira.

Njovu ndiye nkhani ina. Khungu lake ndi lotuwa ngati phula lomwelo, silibweza kuwala, ndipo maso ali pamwamba kuposa pofika dimu. Chimene mumayamba kuona ndi mdima woti bii pakati pa msewu, mzere woyera wangoduka, kapena nyali za galimoto yakutsogolo zikuzima n'kuyakanso ngati wina akudutsa patsogolo pake. Yamphongo yaikulu imalemera matani 5 mpaka 6. Msewu umakuuzani msanga: ndowe zaziwisi zofuka nthunzi, nthambi zothyoka kumene zili mbwee paphula. Mukaona zimenezo tsikani mpaka 30.

Mukaipeza, imani patali, mamita 50 kapena kuposa. Ikani dimu, injini isazime, ndipo kumbuyo kukhale mpata woti mubwerere. Hutala ayi, kuphethiritsa nyali ayi, kuliza injini ayi. Ikatambasula makutu n'kumapukusa mutu, ikukuuzani kuti mwayandikira, bwererani pang'onopang'ono. Choopsa kwambiri ndi kulowa pakati pa make ndi mwana. Gulu likamawoloka, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu itadutsa imene mukuiyesa yomaliza, kawirikawiri pamatsalira kamwana ndi yaikazi yokaperekeza.

Mvuu imatuluka m'madzi usiku kukadya udzu, imayenda makilomita angapo, n'kubwerera kusanache. Ndi yaifupi miyendo koma imalemera tani imodzi ndi theka, ndipo ikadzidzimuka imathamangira kumadzi mosaona chimene chili panjira. Pa milatho ndi m'madambo chenjerani, makamaka m'chilimwe pamene udzu wapafupi watha.

Dalaivala wa basi: Apa hutala ndikutsutsako pang'ono, madala. Pa mbawala, kuliza kamodzi mwachidule kumathandiza.

Mlonda wa nyama zakutchire: Pa mbawala ndavomera. Koma m'malamulo mulembe kuti njovu, njati ndi mvuu siziimbiridwa hutala. Munthu akadzidzimuka dzanja limapita lokha pamenepo.

Dalaivala wa mathiraki: China chofunika kulemba ndi zilembo zazikulu: osakhotetsa chiwongolero pozemba nyama yaing'ono. Thiraki yodzaza ikakhotetsedwa mwadzidzidzi, tayala limagwera kunja kwa phula, katundu amakankhira mbali imodzi, yagubuduzika. Gwirani chiwongolero ndi manja awiri, pondani buleki molunjika. Ngati ili ndi ABS, makina oletsa matayala kuuma pogwira buleki, pondani mpaka pansi osachotsa phazi, ngakhale buleki ikunjenjemera. Yopanda ABS, matayala akauma n'kuyamba kukhwekhwereka, masulani pang'ono n'kupondanso. Ndipo osatsatana pafupi, siyani masekondi 5 kapena 6, chifukwa wakutsogolo akaima chifukwa cha njovu saima mokuchenjezani.

Woyang'anira madalaivala: Zikomo nonse. Nanga zikavuta, wagunda?

Mlonda wa nyama zakutchire: Ayatse mahazadi, akhale m'galimoto. Njati yovulala imabisala m'tchire pafupi pomwepo, ndipo fungo la magazi limaitana afisi ndi mikango. Aimbire apolisi ndi akuofesi ya paki, atchule chikwangwani cha makilomita chimene wadutsa komaliza. Nyamayo asaikhudze, asaikweze. Kutenga nyama yakutchire, ngakhale yakufa kale, ndi mlandu m'mayiko ambiri. Manambala a foniwo awalembe papepala asanalowe m'deralo, poti netiweki imavuta m'malo otere.

Makaniko: Ngati galimoto ikuyendabe, asunthe kukaima pamalo otetezeka, maso ali pa geji ya kutentha. Redieta ikabooka madzi amatha m'makilomita ochepa. Singano ikayamba kukwera azimitse pompo, kupitiriza ndi kupsereza gasiketi. Chitsekerero cha redieta asachitsegule injini ili yotentha.