Kodi kukonza zolakwika m'mapulosesa a maseva kumadya phindu la Intel ndi AMD?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndimasulireni. Mavuto a chitetezo m'mapulosesa otchedwa Meltdown ndi Spectre ataululika mu Januwale 2018, ambiri ankati Intel yaona zakuda. Koma chaka chomwecho malonda ake anafika madola 70.8 biliyoni, kuposa zaka zonse zam'mbuyo. Nanga ndalama zokonzera zinachoka m'thumba mwa yani?

Wamaseva:
Mwa mwini seva, achimwene. Vuto likamatheka kukonzedwa ndi microcode (timalangizo ta m'kati mwa pulosesa), pulosesa sichotsedwa pa bodi. Intel kapena AMD amatulutsa chigamba, opanga maseva monga Dell ndi HPE n'kuchiika mu BIOS (pulogalamu yoyatsira makina), apo ayi Linux imachilowetsa yokha nthawi iliyonse makina akamayaka. Wopanga pulosesa walipira mainjiniya ake basi.

Chimene chimapita ndi liwiro. Pa Meltdown, chigamba cha Linux chotchedwa KPTI chinalekanitsa ma page table (mapu a memori) a kernel, womwe ndi mtima wa Linux, ndi a mapulogalamu, ndiye pulogalamu ikapempha chinthu ku kernel pamakhala ntchito yowonjezera. Database yowerenga disiki pafupipafupi imachedwa moonekeratu, pomwe ntchito yongowerengetsa masamu simva kanthu kwenikweni. Vuto lina lotchedwa L1TF litabwera mu Ogasiti 2018, osunga ma VM (makompyuta ongoyerekezera) a makasitomala osiyanasiyana pa seva imodzi anauzidwa kuganizira zozimitsa Hyper-Threading, njira yothandiza pulosesa kugwira ntchito zambiri nthawi imodzi. Mphamvu ikachepa umagula maseva ena, ndipo nthawi imeneyo pafupifupi onse anali a Xeon, mapulosesa a Intel. Wolakwitsa yemweyo n'kukugulitsanso.

Mai_Tchipi:
Zoona, koma si vuto lililonse limamva chigamba. Likakhala mu silikoni momwemo, kampani imalira. Pentium yolakwitsa masamu ogawa ya 1994 inadyera Intel madola 475 miliyoni pobweza katundu. Mu 2017 Atom C2000 ya Intel inapezeka kuti kachizindikiro kake koyendetsa nthawi m'makina kamafa pakapita nthawi, makina osayakanso. Cisco, yopanga zipangizo za netiweki, inkasintha zipangizo zimene zinali ndi pulosesayo, Intel n'kupatula ndalama zolipirira.

Komabe ine ndimati chowawa koposa ndi kuchedwa. Opteron ya Barcelona ya AMD inapezeka ndi vuto la TLB (kagawo kosunga maadiresi a memori) chakumapeto kwa 2007. Chigamba cha mu BIOS chinkachedwetsa makina, kutumiza katundu kwa ogula ambiri kunaima, ndipo stepping (mtundu wopangidwanso wa pulosesa) yokonzedwa ya B3 inafika mu 2008. Stepping yatsopano imafuna ma mask (zikombole zopangira tchipi) atsopano, miyezi ingapo kufakitale, kenako kuyesanso. Miyezi yonseyo ogula akusainirana ndi wopikisana nawe.

Wamaseva:
Ndiwonjezere kwa oyang'anira makina: chigamba nachonso chimalakwika. Microcode yoyamba ya Spectre inkachititsa makina a mapulosesa a Intel a Broadwell ndi Haswell kuzima n'kuyakanso okha, mpaka Intel inauza anthu kuti asiye kaye kuiika. Yambani ndi maseva ochepa, yezani liwiro musanaike ndiponso mutaika, kenako onani mu /sys/devices/system/cpu/vulnerabilities ngati chitetezo chagwiradi. Zolemba mitigations=off (lamulo lozimitsa zotetezerazi) pofuna kubweza liwiro zisiyireni makina amene sayendetsa pulogalamu ya mlendo aliyense.