Tigule zida za goloboyi kapena tisake kochi wina?

Msungichuma: Abale, ndalama tinasonkha zija za timu yathu ya hockey kuno ku Salima zilipo. Ku Lilongwe kuli munthu akugulitsa zida za goloboyi wa hockey zogwirapo kale ntchito: helemeti, mapadi a m'miyendo, zakumapazi zokankhira mpira ndi chapachifuwa. Tikagula, m'thumba simutsala kanthu. Titani?

Malume a pa Kamuzu Road: Musagule amayi. Vuto lathu si zovala, ndi kochi. Anyamata amathamanga bwalo lonse koma akafika pa D, mzere wokhota uja wa kutsogolo kwa golo, amangomenya ali kunja, pomwe chigoli sichiwerengedwa ngati wathu sanaukhudze mpira m'kati mwa D. Short corner, mwayi womenya pagolo umene timapatsidwa adani akalakwa m'kati mwa D, timaipeza, kugoletsa ayi. Ameneyo ndi goloboyi? Ndalamazo zikhale za thiransipoti ya kochi wochokera ku Blantyre.

Aphunzitsi a ku Chipoka: Malume, wa ku Blantyre wazolowera bwalo la kapeti la pafupi ndi Kamuzu Stadium, pomwe mpira umayenda mowongoka. Kuno ndi mchenga ndi ziputu, mpira umadumpha m'mene wafunira. Adzabwera kawiri, dzuwa la Salima limuwambe, ndalama zithe, basi osadzaonekanso.

Goloboyi: Pepani akuluakulu, ndilankhuleko poti womenyedwa ndine. Mpira wa hockey ndi wolimba, umaposa magalamu 150 kulemera. Pa short corner ndimaima ndi mapadi osokasoka omangira malamba a chubu, helemeti yake yobwereka, yothina. Munthu akakweza ndodo thupi limathawa lokha. Zigoli zina mukuti za kochizo ndi mantha anga.

Malume a pa Kamuzu Road: Mphwanga, tamvera. India inatuluka msanga mu World Cup ya 2023 pakwawo pomwe, New Zealand itawachotsa. Kochi wawo Graham Reid anatula pansi udindo, kunabwera Craig Fulton wa ku South Africa, ku Paris mu 2024 anatenga bronze. Kusintha kochi kumathandiza.

Aphunzitsi a ku Chipoka: Nkhaniyo mwaidula pakati. Reid yemweyo anali atawapatsa kale bronze ku Tokyo mu 2021. Makochi awiri, mendulo yofanana, koma pagolo maulendo onse awiri panali munthu mmodzi, Sreejesh. Ndipo sanaime ndi malamba a chubu.

Achemwali a ku Senga Bay: Kikiki malume agwa nayo! Komabe kochi wathuyu tisamuyeretse. Hockey imalola kusintha osewera kangati konse, iye amasiya ana omwewo makota onse anayi a mphindi 15, ena ali khale pabenchi. Kota yomaliza amakhala akungoyenda. Izi n'zongomuuza, sizifuna ndalama. Nanga munthu wongodzipereka, wosalandira kanthu, mumuchotsa ntchito iti?

Msungichuma: Ine nkhawa yanga ndi katunduyo. Za kaunjika zimakongola pachithunzi.

Goloboyi: Ndipite ndikayese ndekha amayi. Ndikaone ngati helemeti ilibe mng'alu, zitsulo zakumaso sizinapindike, komanso thonje la mapadi silinafwe. Likafwa mpira sudumpha kutali, umangogwera pamapazi pa adani. Helemeti ikakhala yosweka musalipire ngakhale atsitse mtengo.

Malume a pa Kamuzu Road: Chabwino, gulani. Koma akapitiriza kumenya kunja kwa D ndidzaidzutsanso nkhaniyi, ndipo ulendo umenewo sindisonkha.

Achemwali a ku Senga Bay: Malume, mwezi wathawu munasonkha kodi?

Msungichuma: M'kope mwanga dzina lawo mulibe. Goloboyi, Loweruka ukwere minibasi yam'mawa, ya thiransipoti udzatenge kunyumba Lachisanu madzulo.