Mnyamata wa Sitandade 5 akumenya anzake, zilango zakanika

Mphunzitsi wa Sitandade 5:
Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni maganizo. M'kalasi mwanga muli ana oposa 100, ndipo mmodzi wa iwo, mnyamata wa zaka 12, sabata siitha asanamenye mnzake. Lachiwiri anakoka benchi mtsikana atakhalapo, mwanayo anagwa chagada n'kuchekeka mlomo. Ndamutchetchetsa udzu, ndamukolopetsa, tinaitanitsa makolo ndipo kunabwera agogo ake, nawonso angogwira njakata. A hedi akuti tikambirane ndi komiti zoti ayambe wakhala kunyumba. Mtima wanga sukulola, koma makolo a ana enawo afika nane pakhosi.

Mphunzitsi wopuma pa ntchito:
Pepani madamu. Ife tinkayamba ntchito ndodo ili pa tebulo. Sindikuti mumumenye, unduna unaletsa ndipo mungataye ntchito. Koma musazengereze, ana amatengerana msanga. Tumani amayi a mother group, gulu la amayi a m'dera lothandiza ana pasukulu, akaone kunyumba kwake. Mwana wokhala ndi agogo nthawi zina amabwera kusukulu osalawa kanthu.

Mphunzitsi wa maphunziro apadera:
Madamu, ine ndimayendera sukulu za m'zoni yathu pa nkhani zoterezi. Ndisanapereke maganizo ndiyankheni izi. Amayambitsa ndewu nthawi yanji, phunziro lanji lili mkati? Amakhala pati m'kalasi? Ndipo mukamupatsa chilango, amachichitira kuti?

Mphunzitsi wa Sitandade 5:
Mwandiganizitsa. Pa masamu sanandivutepo, amatha bwino ndithu. Ndewu zambiri zimabuka pa Chingerezi, makamaka ndikayamba kuloza ana kuti aimirire awerenge mokweza. Amakhala kumbuyo chakukhomo chifukwa ndi wamtali. Chilango amakachitira panja, ndipo udzu amatchetcha mosanyinyirika, mpaka belu kulira.

Mphunzitsi wa maphunziro apadera:
Ndiye taonani mmene zikuonekera kwa iyeyo. Mzere wowerenga ukuyandikira benchi yake, iye akudziwa kuti alephera ndipo anzake amuseka. Akatsina wa pambali, phokoso likabuka, inu mumamutulutsa. Wapulumuka. Chimene inu mukuchitcha chilango, kwa iye ndi malipiro, ndipo tsiku lililonse mukamutulutsa mukumuphunzitsa kuti njirayi imagwira. Si inu nokha madamu, ambirife tinadutsa momwemo.

Musandikhulupirire ine, lembani. Tsegulani kope, mugawe tsamba patatu: chomwe chimachitika ndewu isanayambe, chomwe wachita, ndi chomwe chatsatira. Chitani zimenezi masiku 5 a sukulu. Musalembe kuti "wachita mwano", lembani kuti "9 koloko, ndaloza benchi yachitatu kuti iwerenge, wakankha mnzake ndi chigongono, ndamutulutsa". Lembaninso nthawi zomwe wakhala bwino, chifukwa mankhwala timawapeza mmenemo.

Kumbukiraninso kuti Sitandade 5 ndi phompho kwa ana ambiri. M'makalasi a m'munsi mphunzitsi amafotokoza zambiri m'Chichewa, apa mabuku a sayansi ndi social akuwapeza ali m'Chingerezi. Mwana amene ankabisala m'gulu poyankhira limodzi amaonekera poyera chaka chimenechi.

Mphunzitsi wa Sitandade 2:
Ndiwonjezepo kamodzi. Muoneni m'makutu. Ndinali ndi kamtsikana komwe tonse tinkati n'kosamvera, kenako ndinaona kathonje m'khutu ndi kolala ya yunifolomu yothimbirira mbali imodzi. Anali mafinya, akhala akutuluka kwa zaka. Imani kumbuyo kwake mumutchule dzina motsitsa mawu, mbali iyi kenako inayo.

Mphunzitsi wopuma pa ntchito:
Zomveka, koma ndifunse. Munthu mmodzi, ana oposa 100, choko kumanja, alembe kope nthawi yanji? Ndipo mtsikana wochekeka mlomo uja, makolo ake muwauza kuti tikufufuza? Ana enawo nawo ali ndi ufulu wophunzira mopanda mantha.

Mphunzitsi wa maphunziro apadera:
Bambo, mwalasa. Kulembako kukhale mzere umodzi pa buleki, osati lipoti. Ndipo chitetezo cha enawo sichidikira masiku 5. Mawa lomwe asunthidwe akhale kutsogolo pafupi ndi tebulo, kumapeto kwa benchi, pambali pake mnyamata wodekha wa msinkhu wake. Za mtsikanayo asangozisiya: apepese pamaso pa a hedi ndi makolo, ndipo ngati pali ntchito yoti agwire, aigwire pa buleki kapena akaweruka, osati nthawi ya Chingerezi. Phunziro limene akulithawalo lisamuphonyenso.

Chachiwiri n'kumupatsa khomo lina lotulukira m'manyaziwo. Madamu, musamulozenso mwadzidzidzi. Mumupatse ziganizo ziwiri zofupika dzulo lake, muwerenge naye mphindi zisanu pa buleki, mawa lake awerenge zomwezo. Mugwirizanenso kachizindikiro ka awirinu, monga kutembenuza kope chafufumimba, kotanthauza kuti lero ndidumpheni. Masiku oyamba muzimulola nthawi zonse. Zikuoneka ngati kumusasatitsa, koma mwana wopempha ndi kope waposa wopempha ndi chibakera, ndipo kudumphako mudzakuchepetsa pang'onopang'ono.

Konzekerani kuti sabata yoyamba zinthu zikhoza kuipa zisanakhale bwino. Akaona kuti kukankha sikukumutulutsanso, ayesa mwamphamvu. Ambiri amagwa ulesi pamenepa n'kubwerera ku zakale. N'chifukwa chake iyi si ntchito ya munthu mmodzi: a hedi, mphunzitsi wa kalasi yoyandikana ndi agogo adziwe dongosololi, aliyense azichita chimodzimodzi. Pemphaninso a PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale za m'zoni) ku TDC (likulu la aphunzitsi a m'zoni) akulumikizeni ndi mphunzitsi wa resource centre (malo othandizira ana ofunika maphunziro apadera) yapafupi. Amene tinaphunzira ku koleji ya maphunziro apadera ya Montfort ku Nguludi tilipo ochepa, koma timabwera tikaitanidwa.

Mphunzitsi wa Sitandade 5:
Ndabweranso patatha masabata atatu. Kope linatsimikiza: pa ndewu 6 zomwe ndinalemba, 5 zinali nthawi yowerenga, imodzi inali pa mzere wa phala. Za khutu munanena zoona madamu a Sitandade 2, ndikamuitana chakumanzere satembenuka. Agogo anapita naye kuchipatala chaching'ono, anamupatsa mankhwala odonthezera ndi kalata yoti akapimidwe kamvedwe kuchipatala chachikulu cha Queens ku Blantyre. Ya thiransipoti a mother group akusonkha.

Sabata yoyamba anaponya rejisita pansi ndipo manja anga ankanjenjemera, koma sindinamutulutse. A hedi analowa n'kukhala naye pa benchi mpaka phunziro linatha. Sabata ino sanamenye aliyense. Kope walitembenuza kawiri. Lachinayi anaimirira n'kuwerenga ziganizo zake ziwiri, chala chili pa mzere, mawu akumveka patalipatali, ndipo anakhala pansi osayang'ana munthu.

Mphunzitsi wa maphunziro apadera:
Musasiye kulemba m'kopemo mpaka teremu ithe. Mumukhazike mbali yoti khutu lakumanja liloze kwa inu, ndipo polankhula musatembenukire ku bolodi, aziona milomo yanu. Ya pa mzere wa phala ija ili ndi gwero lake, muyang'anitsitse amene amaima kumanzere kwake ndi zomwe zimachitika asanakankhe. Sabata yamawa ziganizo zikhale zitatu.